MWANA WA KU LODEBARA M'NYUMBA MWATHU

Mawu: 2 Samueli 4:4 ndi mutu 9



Mefiboseti anali ndi zaka 5 pamene mbiri inafika yakuti bambo ake Jonatani ndi agogo ake Sauli afera kunkhondo. Mlezi wake anamunyamula kuti athawe naye, koma pofulumirapo mwana anagwa napunduka miyendo yonse iwiri. Umasiye ndi ulumali zinamugwera tsiku limodzi. Timakonda kutama Davide amene anamuitanira ku gome lachifumu, koma taonani kumene Davide anakamupeza: m'nyumba ya Makiri mwana wa Amiyeli, ku Lodebara. Munthu uyu sitimva kawirikawiri akulalikidwa.

Ambiri mwa ife ndife a Makiri. Maliro atatha, abale anagawana ana, ndipo amene anatsala, wosayankhula bwino uja, wa zaka 4 koma wosayenda uja, anabwera kwathu. Lero tikudandaula kuti amabisa nsima kunsi kwa mphasa, amakodza pogona, amadzigwedeza yekha pakona, amakakamira mlendo aliyense koma ife otimulera satiyang'ana kumaso. Anthu akuti ndi mwano. Ena akuti anamulodza, kapena kuti mzimu wa mayi ake ukumulondola.

Ndikuyankhula ngati namwino wopuma pantchito: zambiri mwa izi zili ndi chiyambi chake. Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri kuyambira ali m'mimba kufikira zaka 2. Ukhoza kuvulala ngati mwana anachedwa kulira pobadwa, ngati anadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, ngati anakomoka ndi malungo aakulu, ngati ananyentchera ndi njala, kapena ngati mayi ake ankamwa kachasu ali oyembekezera. Pali bala linanso losaoneka, la kusowa munthu mmodzi wodalirika. Mayi akamadwala miyezi yambiri, khanda limalira osanyamulidwa, kenaka limangoleka kuyembekezera munthu. Ku Romania, kuyambira mu 2000, akatswiri anatsata ana 136 a m'nyumba zosungira ana amasiye mumzinda wa Bucharest. Theka la anawo anawapereka m'mabanja. Amene analowa m'banja anakula bwino m'nzeru ndi m'chiyankhulo kuposa otsala, makamaka amene anatengedwa asanakwane zaka 2. Mankhwala ake analitu banja.

Chimene Davide anachita n'chimene anawa amafuna. Mawu ake oyamba anali omuchotsa mantha, kenaka anamupatsa malo okhazikika pa chakudya, tsiku ndi tsiku. Mwana wobisa nsima si wakuba ayi, akuopa njala ya mawa. Adye pamodzi ndi ana anu, nthawi yomweyo tsiku lililonse, ndipo mulekeni asunge kambatata kake mpaka adzaone yekha kuti chakudya sichitha. Womusambitsa ndi womugoneka akhale mmodzimmodzi. Pomutuma, nenani chinthu chimodzi, mwachidule, mukumuyang'ana kumaso. Akachita muyamikeni pomwepo. Muziyankhula naye pamene mukusenda mbatata kapena kuchapa, kutchula dzina la chilichonse, ngakhale asayankhe. Chikwapu sichichiritsa kukodza pogona, chimangoonjezera mantha. Ndipo chonde amayi anzanga, mawu akuti "ndikubweza kwanu" asatuluke pakamwa pathu. Ife timanena mongoopseza, koma mwana amene anasiyidwapo kale amawakhulupirira. (Ana athu obereka nawonso tiwaletse kumutchula "wobwera".)

Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Tengani buku lake la kusikelo mukaonane ndi adokotala, ndipo pemphani kuti amuyeze makutu ndi maso, pakuti ana ena otchedwa ogontha mutu samva bwino chabe. Wolimba kapena wofooka manja ndi miyendo apite ku mafizo, ndipo zimene akuphunzitseni kumeneko muzichita kunyumba tsiku lililonse. Pomudyetsa mukhazikeni chilili, phala likhale lolimbirapo, pang'onopang'ono kuti lisamutsamwe. Khunyu si matenda opatsirana, ndipo mankhwala monga phenobarbitone amathandiza ana ambiri akamamwa mosadumphitsa. Akagwa, mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni m'kamwa, ndipo asamakhale yekha pafupi ndi moto kapena chitsime. Kalembetseninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, kuti zidziwike kuti mwanayo ali m'manja mwanu.

Sindikukulonjezani kuti adzafanana ndi anzake. Mutu 9 umatha ndi kutikumbutsa kuti Mefiboseti, ngakhale ankadya ndi ana a mfumu, anakhalabe wopunduka. Komabe anakula, nakhala ndi mwana wake dzina lake Mika. Ena mwa ana athu adzangophunzira kugwira okha kapu, ndipo tsiku limenelo tiyenera kululutira.

Wolera mwana wotere amatopa, ndipo ambiri aleka kubwera ku Misa poopa maso a anthu mwana akayamba kukuwa. Ndikupempha nthambi iliyonse ya Mothers' Union kuti pa msonkhano ukubwerawu ilembe mayina a mabanja otere m'dera lake. Amayi awiriawiri azisinthana kukakhala ndi mwanayo masana amodzi pa sabata, omwewo nthawi zonse kuti awazolowere, ndipo tipemphe abambo ansembe kuti banjalo lisungiridwe malo pafupi ndi khomo la tchalitchi.