Maliro Akatha, Chisanu Chimatsala

Kuwerenga: 2 Timoteo 4:9-21

Pa nkhani ya maliro ife a Chigwirizano sitichedwa. Uthenga ukangomveka timavala yunifomu, kunyamula ufa ndi nkhuni, n'kukagona pasiwa tikuimba mpaka tambala kulira. Koma tikaika maliro, tenti imachotsedwa, mapoto akulu amabwezedwa kwa eni ake, achibale amakwera basi, ndipo mai wofedwa amatsala m'nyumba ya zii. Ikakhala miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa msanga ndipo usiku umatalika. Ana agona, malasha pambaula asanduka phulusa, mbali ina ya bedi yazizira. Nthawi imeneyo ndiyo chisoni chimaluma, popanda womuona.

Ambiri pakati pathu anataya okondedwa awo m'miyezi yomweyi m'chaka cha 2021, pamene Covid-19 inavuta kwambiri muno m'Zambia. Maliro ankaikidwa mofulumira, anthu owerengeka, osagona pasiwa. Kulira kuja sikunathe. Chaka ndi chaka mphepo ikayamba, mtima umakumbuka wokha.

Taonani Paulo m'ndende ku Roma. Wakalamba, ndipo akudziwa kuti imfa yayandikira. Dema wamusiya n'kupita ku Tesalonika. Pa mlandu wake woyamba panalibe woima naye. Watsala ndi Luka yekha. Tsono akulembera Timoteo kupempha chofunda chimene anasiya kwa Karpo ku Trowa, mabuku ake, ndiponso kuti Timoteo mwini wake afike chisanu chisanayambe. Kumeneko chisanu chimagwa cha m'Disembala, ndipo masiku amenewo zombo zinkaleka kuyenda panyanja kufikira nyengo itasintha. Timoteo akanazengereza, mwina akanapeza manda.

Ameneyu ndi mtumwi amene m'mavesi apamwambapa wanena molimba mtima za korona womuyembekeza. Chikhulupiriro chake sichinachepe, komabe sanachite manyazi kunena kuti akumva kuzizira ndipo akufuna munthu pafupi. Mzimu Woyera analola kuti pempho la chofunda lilembedwe m'Buku Lopatulika.

Inu mai amene mwafedwa, musamvere amene akuti misozi yanu ikuonetsa kuchepa kwa chikhulupiriro. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwino kuti amuukitsa. Ngati tulo sitikubwera, uzani Mulungu mosabisa, monga mwana auzira amake. Ndipo uzaninso munthu. Tchulani chimene mukusowa monga anachitira Paulo: bulangeti, thumba la malasha, kapena mnzanu woti agone nanu masiku awiri. Musadzitsekere m'nyumba chifukwa choopa kuti mudzalira m'tchalitchi. Lirani momwemo, ndi kwa Atate wanu.

Nanga ife enafe? M'chaputala choyamba cha kalata yomweyi Paulo akuyamika Onesiforo, amene atafika ku Roma anamufunafuna mpaka kumupeza. Sanadikire kuitanidwa. Ife timakonda kunena potsazika kuti, "Mukasowa kanthu mutiuze." Mau abwino ndithu, koma wofedwa sadzatiuza. Alibe mphamvu, ndipo akuopa kutitopetsa. Ena mwa amasiye athu alibe ndi chofunda chomwe, pakuti achibale a mwamuna anasesa m'nyumba, ngakhale kuti lamulo la 1989 la chuma cha masiye limaletsa kulanda kotere. Mai woteroyo sangabwere kudzapempha bulangeti pamaso pa gulu.

Pitani madzulo, nthawi imene nyumba imayamba kuzizira. Tengani mbatata zootcha, khalani pamphasa, muthandizane kutokola chimanga kapena kusenda nsawa. Simufunika kulalikira. Akayamba kukamba za malemu, musasinthe nkhani. Tchulani dzina lake, kumbukani naye nthabwala zake. Ambiri timathawa dzinalo poganiza kuti tikumukumbutsa, ngati kuti anaiwala! Ndipo tisaiwale mai amene anapita padera kapena kutaya khanda, amene maliro ake anaikidwa mwakachetechete ndi azimai ochepa.

Pa msonkhano wanu wa sabata ino, mlembi alembe maina a onse m'dera lanu amene anafedwa chaka chino ndi chatha, ndipo pa dzina lililonse palembedwe azimai awiri ndi tsiku limene adzapite.