Kodi ululu wa pobereka ndi ibada, kapena ndi umphawi chabe?



Tchuthi chapitachi ndinali gadiyani wa achemwali anga. Matenda anawayamba usiku kwathu ku Kachulu, ndipo kunja kusanache tinali titafika kale kuchipatala. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, alhamdulillah. Koma achemwaliwo anang'ambika, ndiye pofuna kuwasoka namwino ananena mosabisa kuti mankhwala ochititsa dzanzi atha. Anawasoka choncho. Ine ndinali pakhomo penipeni kudikira kumva kukuwa, koma kunali zii. Nditalowa ndinapeza chitenje chawo chili chonyowa kumphepete, atachiluma mpaka kuchiboola.

Titabwerera kumudzi anganga ananyadira kwambiri. "Ameneyu ndiye mkazi," anatero, "sanatichititse manyazi." Kwa ife Ayao, mtsikana akakhala ndi pakati poyamba amamuvinira litiwo, ndipo mwa malangizo amene akuluakulu amapereka pali lakuti tsiku lochira alimbe mtima, asamangolira. Amayi ena a kumzikiti anawonjezera kuti ululu umene uja ndi sawabu zokhazokha. Ine ndinavomereza ndi mutu, koma mumtima munatsala kafunso kamene sikakundichoka mpaka lero. Kodi zimene zinachitika m'chipinda muja zinali swabru, kapena linali botolo lopanda kanthu limene tinangolipatsa dzina labwino?

Chinandikumbutsa nkhaniyi ndi buku la mbiri ya zachipatala limene ndimawerenga kusukulu. Pa 7 April 1853, Mfumukazi Victoria ya ku Britain inkabereka mwana wake wachisanu ndi chitatu, Leopold. Anaitanitsa dokotala wina dzina lake John Snow, yemwe ankadontheza mankhwala otchedwa chloroform pa kansalu n'kumamununkhiritsa pang'onopang'ono kwa nthawi yosakwana ola limodzi. Mfumukaziyo siinagone tulo ayi, ululu wokha ndi umene unazizira. Inayamikira kwambiri mankhwalawo m'buku lake la tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1857, pobereka Beatrice, mwana wake womaliza, inamuitananso Snow yemweyo. (Ife a kunyanja ya Chilwa, amene kolera timamudziwa bwino m'madoko ndi m'zimbowera, tingosungako dzinali: ndi Snow yemweyu amene mu 1854 anasonyeza kuti kolera ku London ankafalikira kudzera m'madzi a pampu ya pa Broad Street.)

Mankhwalawa sanayambire kwa Victoria. James Young Simpson wa ku Edinburgh anali atayamba kale kuwagwiritsa ntchito kwa amayi obereka mu 1847, ndipo analemba kabuku koyankha anthu amene anganene kuti kuchotsa ululuwu n'kutsutsana ndi malemba a m'buku la Genesis. Madokotala ambiri ankakananso, ndipo magazini ya The Lancet inadzudzula poyera kuti mfumukazi ipatsidwe mankhwala otere. Tisawaseke msanga. Mu 1848 mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anamwalira atapatsidwa chloroform pofuna kungomuchotsa chikhadabo cha kuphazi, ndipo pambuyo pake mankhwalawa anasiyidwa chifukwa amawononga mtima ndi chiwindi. Komabe chimene chimandikhudza n'chakuti pamene mayi wolemekezeka kuposa onse m'dziko lawo anati "ine ululuwu sindikuufuna", manyazi opempha thandizo anayamba kuchepa kwa amayi enanso. Palibe amene akanalimba mtima kumunena kuti ndi wamantha.

Ufumu pawokha sunkateteza mkazi. Mu 1817 Charlotte, mwana wamkazi amene ankayembekezeka kudzalowa ufumu wa Britain, anavutika masiku awiri, mwana n'kubadwa wakufa, iyenso n'kumwalira ali ndi zaka 21. Kwa ife Asilamu chitsanzo chili pafupi kwambiri. Taj Mahal imene timaiika pa status ngati chizindikiro cha chikondi ndi manda a Mumtaz Mahal, mkazi wa mfumu Shah Jahan, amene anamwalira mu 1631 pobereka mwana wake wa nambala 14. Chuma chonse cha ufumu wa Mughal chinakwanitsa kumumangira manda a miyala yoyera, koma sichinakwanitse kumupulumutsa. Masiku ano zinasintha: Prince George atabadwa mu 2013 pa chipatala cha St Mary's ku London, panali gulu la azachipatala oposa 20 limene linakonzekeretsedwa, kuphatikizapo akatswiri a mankhwala ogonetsa. Mayi mmodzi, anthu oposa 20. Usiku wa achemwali anga anamwino anali awiri wodi yonse.

Tsono tibwere ku zathu. Kumadrasa sitinaphunzitsidwe kuti ululu wa pobereka ndi chilango cha mkazi. M'Qur'an kulakwa kwa m'munda muja kukukambidwa kuti kunali kwa onse awiri, Adam ndi mkazi wake, onse anapempha chikhululuko. Ndipo m'Surah Maryam muli nkhani imene ndinkailoweza ndili mwana osaimvetsa. Maryam (AS), mkazi wosankhidwa pamwamba pa akazi onse, ululu utamufikitsa pa thunthu la mtengo wa tende, analankhula mawu ofuna kuti akanangofa izi zisanachitike. Sanalume chitenje. Ndipo yankho limene analandira silinali lomukalipira kuti wachititsa manyazi. Anatonthozedwa, anasonyezedwa madzi, anauzidwa kugwedeza mtengo kuti tende zakupsa zigwe, adye, amwe. Ndikaganiza kuti kwathu kuno mtsikana akalira m'leba amakanenedwa kwa apongozi ake, ndimadzifunsa kuti kodi ife tayika muyeso wokhwima kuposa umene anayesedwa nawo Maryam?

Sindikukana sawabu. Surah Luqman ndi Surah Al-Ahqaf zikutchula kuvutika kwa mayi ngati chifukwa chimene mwana ayenera kumulemekezera. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ngakhale munga ukam'baya Msilamu umamufafanizira machimo, komanso anamuwerengera m'gulu la mashahidi mkazi womwalira pobereka. Koma Mtumiki yemweyo anatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo anati kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Palibe shehe amene angatiuze kuti tizimwaza minga m'njira ya kumzikiti kuti anthu apeze sawabu zambiri. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, analemba za mankhwala oziziritsa ululu m'buku lake la Al-Qanun, ndipo Asilamu anaphunzira bukulo zaka mazanamazana osaona kuti likulimbana ndi qadar. Mmene ndikuonera ine, sawabu ndi nkhani ya pakati pa wovutikayo ndi Allah. Ife amene tili panja pa chitseko tilibe gawo pamenepo. Gawo lathu ndi funso lina: kodi tikanatha kuchepetsa, nanga tinachepetsa?

Anganga sindikuwaweruza ayi. Iwo anachira ana awo onse pamphasa, azamba a m'mudzi atawagwira, Zomba ili kutali ndipo msewu wake nthawi ya dzinja mukuudziwa. Pamene palibe mankhwala, kulimba mtima ndiye kumakhala mankhwala, ndipo malangizo a ku litiwo anali njira yom'konzekeretsa mtsikana kuti asachite mantha mpaka kulephera kukankha. Anapulumutsa anthu ndi zimene anali nazo.

Palinso mfundo ina imene mnzanga wophunzira zaunamwino anandiuza, ndipo inanditsitsa pang'ono. Anati mankhwala ogonetsa si panado, amafuna munthu wophunzira woyang'anira wodwala. Kuno kwathu ntchito imeneyi kwambiri amagwira ndi ma clinical officer, ndipo ndi ochepa. Kafukufuku wa Paul Fenton ndi anzake amene anatuluka mu 2003 anaona maopareshoni 8,070 a amayi obereka m'zipatala za m'Malawi, ndipo amayi 85 anamwalira. Kutaya magazi ndi kuphulika kwa chiberekero zinali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti amayi 439 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira. Ndiye iye akuti, dziko limene likulimbanabe ndi magazi ndi ambulansi, ululu umakhala kumapeto kwa mzere. Ndikumva. Sindikupempha jakisoni wa pamsana wa ku London kuti afike pa doko la Kachulu mawa. Koma kabotolo kochititsa dzanzi posoka si chinthu cha mafumu, eti? Ndipo kukhala pambali pa mayi, kumulankhula bwino, kumulola kuti alire, sikudikira bajeti.

Komanso tisaiwale kuti amayiwa tinawaitana tokha. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo m'madera ambiri mafumu anaika malamulo oti wochirira pakhomo alipe chindapusa. Cholinga chinali chabwino, ndipo amayi ambiri anamvera. Koma ukamukakamiza munthu kubwera pakhomo pako, wasenza udindo wa mmene umulandirire. Mafumu athu ali ndi mphamvu yofunsa mbuzi kwa mayi wochirira m'njira. Mphamvu yomweyo ingathe kufunsa pa msonkhano wa komiti ya chipatala kuti mankhwala aja anatha liti, ndipo anaitanitsidwa liti. Ndi ife achinyamata, timasonkha ndalama za iftar ndi za ma jezi a mpira. Za leba sitinazikambepo n'kamodzi komwe, mwina chifukwa abale athu aamuna amaona ngati ndi nkhani ya kuchikuta.

Tsiku la aqiqah, anthu atabalalika, ndinakhala ndi achemwali kuseri kwa nyumba akuyamwitsa. Ndinawafunsa kuti, "Achemwali, mmene amakusokani muja munkaganiza chiyani?"

Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana ngati anganga ali pafupi.

"Ndinkawerenga malata a kudenga," anatero. "Ndimati ndikafika pa teni ndiyambirenso. Sawabuzo Allah andipatse, ndikuzifuna. Koma jakisoni uja akanakhalapo, ndikanalandira ndi manja awiri. Usakawauze anganga."