Madzulo Anu Musawataye, Adzukulu Anga

Adzukulu anga, ndi inu nonse achinyamata a kuno ku Kanakantapa, khalani pansi tikambirane za nthawi imene palibe amene amakulamulani. Masana ali ndi eni ake: munda, sukulu, ng'ombe, maganyu. Koma mbale za nsima ya madzulo zikatsukidwa, maola otsalawo ndi anu. M'maola amenewo ndi mmene munthu amapangika kapena kuwonongeka. Anyamata awiri angalime ndime zofanana masana, koma pakapita zaka khumi wina n'kukhala ndi luso m'manja, mnzake ali ndi ngongole ku shabini.

Andiyankhulitsa ndi amalume anu, mwana wanga uja amakonza makompyuta ku Lusaka. Akamabwera kumudzi amanyamula zinthu zitatu: laputopu, mabayinokyula ndi botolo la wisiki limene amati single malt. Ndamva ena a inu mukunong'onezana za botololo, mukuti mukadzagwira ndalama nanunso mudzamwa wotero. Pa zitatuzo mwasirira chimene chili ndi phindu lochepa. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Ndiyambe ndi chaulere: thambo limene amaliona ndi mabayinokyula aja. Malo ano anatsegulidwa mu 1988, nthawi ya boma la a Kaunda, kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apatsidwe minda m'dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Ambirife tinachokera m'makomboni a mu Lusaka. Ena anabwerera chifukwa cha zii ndi mdima. Ife otsalafe tinadzazindikira kuti mdimawo ndi chuma chimene wa ku Matero kapena ku Kanyama alibe. Kumeneko magetsi anameza nyenyezi. Kuno, mukafulatira kuwala kwa Lusaka kumene kumaoneka chakumadzulo, thambo lonse ndi lanu.

Tulukani m'miyezi ya June ndi July, mitambo itapita, utsi wa moto wolusa usanayambe, pausiku wopanda mwezi. Valani jekete, yalani mphasa kuseri kwa nkhokwe, gonani chagada. Foni ikhale m'thumba. Diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuyang'ana pafoni kamodzi kokha kumalibwezera pachiyambi. Poyamba mudzaona nyenyezi zowala zokha. Mukadekha, zing'onozing'ono zidzayamba kutuluka paliponse, mpaka Mlalang'amba udzayala kuchoka mbali ina ya thambo kufika mbali ina, ndi mipata yakuda m'kati mwake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Thambo silionetsa kanthu kwa munthu wothamanga.

Makolo athu ankalidziwa thambo limeneli. Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kothithikana kaja, zikayamba kutuluka kum'mawa dzuwa litangolowa, cha mu November, mlimi ankadziwa kuti mbewu ziyenera kukhala pafupi. Pambuyo pake pamabwera Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana. Mayina awiriwa alimonso m'Buku Lopatulika, m'buku la Yobu. Ankasimbanso kuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene saudyetsa bwino mpaka uonde, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amaunenepetsa. Lero tikudziwa kuti nthanda ya m'mawa ndi nyenyezi yowala ya madzulo ija n'chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus, imene ilibe moto wakewake koma imabweza kuwala kwa dzuwa. Musaseke nthanoyo. Amene anaipeka anali ataona kuti mwezi woonda umapezeka kum'mawa m'bandakucha, ndipo mwezi watsopano umakulira kumadzulo. Ankayang'anitsitsa, ndipo kuyang'anitsitsa ndiye chiyambi cha sayansi.

Onjezani pamenepo zimene sukulu imaphunzitsa. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kwa dzuwa kumatipeza pakatha mphindi zopitirira pang'ono 8. Chakumwera kuli nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali ziwiri zowala zoulozera. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike pabwalo panu. Kwa Nsangwe kumene mudzaone chaka chino kunanyamuka zaka zoposa 400 zapitazo. Mukabwereka mabayinokyula a amalume anu, tsamirani pa mtengo kuti manja asanjenjemere, lozani pulaneti ya Jupiter. Pambali pake mudzaona timadontho towala tili pamzere. Bwererani mawa lake, mudzapeza tasintha malo. Imeneyo ndi miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, yomwe Galileo anaiona mu 1610.

Musaganize kuti zimenezi n'za azungu okha. Pa 21 June 2001 alendo ochokera kutsidya kwa nyanja anadzaza Lusaka ndi Chisamba kudzaona kadamsana. Cha m'ma 3 koloko masana kunada kwa mphindi zitatu, nkhuku zinalowera kukhola, nyenyezi zinaoneka. Tsiku ndi mphindi yake zinali zitawerengedwa zaka zambiri zisanachitike, ndi masamu omwewo amene mumawathawa m'kalasi. Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka kuti adzapite ku mwezi, ndipo dziko linamuseka. Roketi analibe, koma anakana kuti mwana wa m'Zambia aziyang'ana pansi pokha. Lero Zambia ili m'gulu la mayiko 8 a mu Africa amene akugwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array, makina aakulu omvetsera mafunde ochokera ku nyenyezi. Ntchito imeneyo imafuna anthu odziwa masamu ndi kompyuta.

Ndafika pa chachiwiri. Ambiri a inu mulibe laputopu, koma foni yomwe muli nayo ndi kompyuta, ndipo ili ndi mphamvu kuposa imene inatsogolera anthu ku mwezi mu July 1969. Funso ndi lakuti ndani akugwiritsa mnzake ntchito. Ndimakuonani madzulo pa golosale, mitu ili pansi, mukubetcha. Ndalama ya tomato imalowa m'foni ndipo siibwerera. Amene anapanga masewera amenewo anawerengera kale kuti pamapeto wopambana ndi iyeyo. Inu mukhoza kupata lero, koma pakutha pa chaka mwataya mbuzi.

Amalume anu sanayambe choncho. Anayamba ndi kompyuta yakufa imene wina anafuna kutaya. Ndinkamuona atayala chitenje patebulo, timasikuluwu tili m'chivindikiro cha botolo kuti tisasowe, akupukuta fumbi pa kafani ndi mswachi wakale. Ikakana kuyaka ankabweza chilichonse m'malo mwake, n'kuyambiranso mawa. Palibe amene ankamulipira. Masewera a madzulo amenewo ndiwo akumudyetsa lero.

Inunso yambani ndi zimene zili pafupi. Phunzirani kutaipa ndi zala zonse. Lembani m'kompyuta kapena m'foni ndalama za feteleza, mbewu, mankhwala ndi mayendedwe, kuti mukagulitsa chimanga kapena soya mudziwe ngati mwapindula. Ikani pulogalamu ya Stellarium. Ya pa kompyuta ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Mukaiuza kuti muli ku Chongwe, imakuonetsani thambo la usiku womwewo ndi dzina la chilichonse. Ionereni m'nyumba, kenako tulukani mukafune ndi maso. Mukaona kanyenyezi kowala kakuyenda mwakachetechete, kosaphethira ngati ndege zopita ku Kenneth Kaunda International Airport, mwina ndi International Space Station, nyumba yokhala anthu imene ili makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Atsikana, ndikunena ndi inunso. Musalole kuti alongo anu azigwira kompyuta inu muli kukhitchini tsiku lililonse. Gawanani ntchito, gawananinso nthawi.

Tsopano botolo lija. Sindikubisirani chimene chili m'kati. Wisiki wa single malt wa ku Scotland amapangidwa ndi chimera cha mbewu yotchedwa barley, madzi ndi yisiti, pa malo amodzi otchezera. Chimera mumachidziwa, n'chimene amayi anu amathira mu thobwa. Amautcheza m'miphika ikuluikulu ya kopa, ndipo lamulo la kumeneko limati ukhale m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3 usanatchedwe Scotch. Nambala 12 imene mumaiona pa botolo la Glenfiddich imatanthauza kuti mowa wamng'ono kwambiri m'menemo wagona zaka 12. Chaka chilichonse pafupifupi magawo awiri pa 100 amauluka m'mgolo, ndipo mwini amavomera kutayako. Wotcheza amapatula madontho oyamba ndi otsiriza, n'kusunga apakati okha. Ife kuno pa kachasu, mutu uja woyamba kutsika ndiwo anthu amaulimbirana chifukwa cha ukali wake.

Amalume anu amathira pang'ono pansi pa tambula, n'kudontheza madzi, n'kununkhiza, n'kukhala nawo mpaka nkhani itatha. Botolo limodzi limawatengera miyezi. Sayendetsa galimoto atamwa, ndipo usiku wofuna kuona nyenyezi zovuta salawa n'komwe, poti mowa umafooketsa maso mumdima. Anayamba kugula atalipira kale sukulu ya ana. Ngakhale zili choncho, ndikuuzeni mosapita m'mbali: mtengo wa botolo susintha chimene chili m'kati. Ukali wake sutsika pa magawo 40 pa 100. Chiwindi sichiwerenga dzina la pa botolo. Mu January 2023 bungwe la World Health Organization linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tingati ndi wosavulaza thupi. Tinaona zimene timapaketi ta mowa waukali ta tujilijili tinachita kwa ana a sukulu ndi makondakitala boma lisanatiletse mu 2012. Tinaika m'manda anyamata amene tinagwetsa nawo mitengo pokonza minda ino, ndipo si njala inawapha.

Choncho amene simunakwane zaka 18, lamulo likukuletsani, ndipo inenso ndikukuletsani. Amene mwakula, dziwani kuti wosamwa sanataye kanthu. Ngati pali chotola pa wisiki ameneyu, ndi khalidwe la amene anaupanga: munthu wothira mumgolo lero chimene adzagulitsa mwana wake. Khalidwe limenelo mukhoza kulitenga popanda kulawa dontho. Bzalani mango ndi mapeyala. Siyani mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Kanakantapa ikule m'malo moiotcha makala. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti dziko lopanda mitengo ndi madzi silikhululuka.

Chilichonse chimene mwasankha kuchita madzulo, kaya ndi mpira, kwaya, nsolo kapena kusoka, chifunseni mafunso atatu. Kodi pakatha chaka ndidzadziwa chimene lero sindikudziwa? Kodi ndingachichite pamaso pa amayi anga ndi mng'ono wanga? Kodi nditafuna kuchisiya mwezi wathunthu ndingathe? Nyenyezi zimapambana mafunso onse atatu. Kompyuta imapambana mukaigwira ngati chida. Mowa ndi kubetcha zimagwa kawirikawiri pa funso lachitatu, ndipo mwini amazindikira mochedwa.

Ndikusiyirani ntchito. Kanakantapa ndi mudzi wa mitundu yambiri: Asoli eni nthaka, Achewa, Ansenga, Abemba, Atonga, Alozi. Mtundu uliwonse unabwera ndi mayina ake a nyenyezi ndi zizindikiro zake za mvula, ndipo amene akuzidziwa tikutha mmodzimmodzi. Pitani kwa agogo amenewa dzuwa likalowa, muwatulutse panja, akulozereni ndi ndodo. Funsani dzina, nyengo imene nyenyeziyo imatuluka, ndi chimene anthu ankachita akaiona. Jambulani mawu awo pafoni, fananizani ndi Stellarium, lembani zonse m'kompyuta, musunge m'malo awiri, ndipo kope lina mukapereke kusukulu. Stellarium ili ndi mayina a Agiriki ndi Aluya, koma a agogo anu a kuno adzalembedwa pokhapokha inu mutawalemba. Yambani mwezi uno, ndipo muyambire kwa amene ali okalamba kwambiri.