Chifundo Chimene Chimapha Dzanja

Munthu akagwa ndi sitiroko nkufa ziwalo mbali imodzi, abale ake amadziwa chochita popanda wowauza. Amamsambitsa, amamubveka, amamdyetsa phala, ndipo akafuna kudzuka amamgoneka nati, "Pumulani bambo, mungagwe." Ndani angakane kuti chimenechi ndi chikondi? Komabe nzeru ya mafizo, imene odikira odwala amaimva m'zipatala zonga Mzuzu Central, imati timleke wodwalayo agwire yekha supuni ngakhale phala litayikire pamalaya. Nanga chikondi chenicheni nchiti pamenepa?

Tiyambe taona chimene chabvulala. Dzanjalo silinathyoke ai. Mtsempha wa magazi mu bongo ndiwo unatsekeka kapena kuphulika, ndipo zikachitika kumanzere kwa bongo, mbali ya kumanja ya thupi ndiyo imafa. Bongo ungathe kulambula njira zatsopano zolamulira chiwalocho, koma umatero chiwalocho chikamayesedwa tsiku ndi tsiku, makamaka pa miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Dzanja longogona limauma mfundo, zala nkupindika. Motero womchitira wodwala zonse amamlanda nthawi imene sidzabweranso. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali.

Bvuto nlakuti mwambo wathu suona choncho. Ku Chiputula kapena ku Zolozolo, mwana woonerera bambo wake akulimbana ndi batani la malaya adzatchedwa wankhanza. Tsono tidzifunse, anzanga: pothamangira kummangira batanilo, tikuchotsa kubvutika kwa yani? Kawirikawiri nkwathu. Kumdyetsa nkwa kanthawi, pamene kumdikira adye yekha kumafuna kuleza mtima, ndiponso kupirira maso a anansi.

Nkhaniyi yatsamira pa abale chifukwa akatswiri ngochepa: digiri ya mafizo inayamba ku College of Medicine ku Blantyre mu 2010 momwemu. Wodwala akatuluka m'chipatala, sing'anga wake wa tsiku ndi tsiku ndi mkazi wake kapena mdzukulu.

Wina adzati, nanga amene sadzachira? Zoonadi alipo, ndipo kukakamiza nkhalamba yotopa ngati mwana wa sukulu nkhanzanso. Koma kumbukirani bungwe la Malawi Against Polio, loyamba mu 1979. Miyendo yopuwala ndi poliyo silinaichiritse, koma ndodo, zitsulo za m'miyendo ndi njinga zimene linkapereka zinathandiza munthu kupita yekha kumene afuna. Chimene linkabweza ndi ufulu.

Muyeso wake tsono ndi wodwala mwini. Timfunse chimene akuchilakalaka koposa: kupita yekha kuchimbudzi, kulemba dzina lake, kapena kutema yekha nsima. Akatiuza, tikhale pambali pake kuti asagwe, manja athu tiwagwire kumbuyo. Anansi anene zonena zao. Dzanjalo ndi la bambo.