Kodi Dongo Lingadziumbe Lokha?

Pakati pa masewera onse amene ana a masiku ano achita pakompyuta, alipo a mtundu wina amene wosewera alowa m'nthano yaitali navala moyo wa munthu mmodzi wa m'nthanomo, kuyenda ndi miyendo yake, kuyankha ndi pakamwa pake, ndi kusenza zotsatira za zonse zimene wasankha. Ndipo pa masewera amenewa pali mkangano umene watha zaka zambiri osazilala, wakuti chabwino n'chiti, kuti wosewera adziumbire yekha munthu wakeyo, kumsankhira nkhope, dzina, mtundu ndi luso, kapena kuti apatsidwe munthu amene alembi anamuumba kale, wokhala ndi dzina lake, abale ake ndi milandu yake. Ambiri adzati imeneyi ndi nkhani ya chibwana, yosayenera kuti akuluakulu atayirepo nthawi. Koma ine ndiona kuti pansi pake pagona funso lakale limene linasautsa aneneri ndi anthu anzeru, lakuti ufulu wa munthu uyambira pati, popeza palibe mmodzi wa ife amene anafunsidwa maganizo asanabadwe.

Masewerawa sanabadwire pakompyuta. M'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, sewero la patebulo lochitika ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi; ndipo m'malamulo ake oyambawo wosewera ankaponyeredwa madayisi atatu pa chilichonse cha zinthu zisanu ndi chimodzi zoyezera munthu wake, monga mphamvu, nzeru ndi changu cha thupi, nalandira chimene maere amgwera, chinkana chikhale chochepa chotani. Patapita zaka, mu 1985, Richard Garriott anayamba sewero lake la Ultima IV ndi mayi woombeza, amene afunsa wosewera mafunso olemera, omuika pakati pa makhalidwe abwino awiri otsutsana, monga chifundo ndi chilungamo, kotero kuti munthu amene atuluka m'ngolo ya woombezayo ndiye chipatso cha mayankho a mtima wa woseweramo. Kuchokera pamenepo maere anamka nachepa, kusankha kunamka nakula, kufikira lero pamene munthu angathe kukhala ola lathunthu akukonza kutalika kwa mphuno ndi mtundu wa maso, nthano isanayambe n'komwe.

Chitsanzo chodziwika koposa cha kudziumbira ndi Skyrim, sewero la kampani ya Bethesda la mu 2011. Liyamba ndi mkaidi womangidwa manja, wotengedwa pangolo kupita kukadulidwa mutu ku mudzi wa Helgen. Ndipo asilikali ataona kuti dzina lake mulibe m'kaundula wao, amfunsa kuti iye ndani, ndipo pomwepo nthano iima chilili kudikira wosewera kuti asankhe pakati pa mitundu khumi ya anthu, asankhe kukhala mwamuna kapena mkazi, adzilembe zipsera zimene afuna, nadzitche dzina. Sindifuna kupeputsa chimwemwe cha mphindi imeneyo, pakuti ndichidziwa kuti n'choona. Ndiponso kwa anthu akuda, amene kwa nthawi yaitali sanaone kawirikawiri khungu lao ndi tsitsi lao pa ngwazi za m'masewera otere, mwayi woumba ngwazi yofanana nao ndi chilungamo chimene chinachedwa kufika. Maganizo amene ali kuseri kwa chimwemwechi nawonso ndi aulemu. Mu 1486 mnyamata wina wophunzira kwambiri wa ku Italy, Pico della Mirandola, analemba kuti ulemerero wa munthu uli pakuti Mlengi, atapatsa cholengedwa chilichonse malo ake ndi malire ake, anasiya Adamu wopanda malo oikika, kuti adziumbe yekha, kutsika akhale ngati nyama kapena kukwera akhale ngati angelo. Iye amene akhala pasikirini kukonza nkhope ya ngwazi yake alawa pang'ono ulemerero umenewo.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wodziumbirayo akangotsika pachipika cha wodula mitu nayamba kuyenda m'dziko lalikulu lija, mudzaona kuti alibe mai amene amlira, alibe mudzi umene umyembekeza, alibe ngongole imene anasiya, ndipo ngakhale dzina limene mwamsankhira mosamala palibe pakamwa pamene palitchula, pakuti ochita mau a m'seweromo sakanatha kulidziwiratu. Onse angomuitana ndi udindo wake wa wobadwa ndi mwazi wa chinjoka. Angathe kukhala mtsogoleri wa ankhondo olemekezeka, mkulu wa sukulu ya amatsenga, mkulu wa gulu la mbala ndi wotumikira gulu la opha anthu molipidwa, zonsezo m'thupi limodzi, popanda chikumbumtima chomuimba mlandu ngakhale mnansi womufunsa kuti zimenezi zigwirizana bwanji. Popeza angathe kukhala chilichonse, palibe chimene chimgwira. Ndipo ine, monse ndiyendera naye, ndimva ngati ndili ndekha m'dziko lodzala anthu. Makolo anati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo munthu wopanda dzulo lomumanga kwa anzake akhala kalikokha ngakhale aime pakati pa msika.

Taonani tsono Geralt wa ku Rivia, mwininkhani wa The Witcher 3, sewero limene kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inatulutsa mu 2015, kuchokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, amene nthano yake yoyamba ya munthuyu inasindikizidwa mu 1986. Wosewera sasankha kalikonse ka chiyambi chake. Geralt anatengedwa ali mwana kupita ku linga la Kaer Morhen, namwetsedwa mankhwala oopsa amene anasintha thupi lake, kumyeretsa tsitsi ndi kumsandutsa wosabala. Ntchito yake ndi kupha zilombo molipidwa, ndipo anthu omwewo amene awapulumutsa amnyoza akatembenuka. Ali ndi abwenzi akale, akazi amene anawakonda, adani amene sanaiwale, ndiponso, koposa zonse, ali ndi Ciri, mtsikana amene anamlera ngati mwana wake. Wina angati pamenepa wosewera wamangidwa manja koposa mkaidi wa ku Helgen uja. Koma taonani kumene alembi anaika mphamvu ya wosewera. Chimaliziro cha Ciri, kaya abwerako wamoyo ku nkhondo yake yomaliza kaya sabwerako, chidalira zinthu zazing'ono zimene atate womlerayo achita osadziwa kulemera kwake: ngati pa tsiku la chisoni amsangalatsa pogendana naye ndi chipale chofewa kapena angomwa naye mowa, ngati amlola kukaima yekha pamaso pa akazi amatsenga kapena amtsatira monga wosamkhulupirira, ngati amperekeza kumanda kwa mnyamata amene anafa atamthandiza, ngati, pamaso pa mwanayo, alandira ndalama kwa atate ake omubala monga mphotho ya kumpeza. Palibe chimodzi cha zimenezi chikanakhala ndi kulemera kukanakhala kuti Ciri ndi mlendo wokumana naye panjira. Zilemera chifukwa chikondicho tinachipeza chilipo kale, ndipo tinaitanidwa kuti tisachiononge.

Pamenepa ndikumbuka mwambo wathu wa kulowa ufumu. Mfumu ikamwalira, eni mbumba ndi ntchembere akhala pansi nasankha mmodzi, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa malemuyo, ndipo wosankhidwayo asiya dzina limene anakula nalo nalowa dzina la malume ake, pamodzi ndi malire a minda amene sanawaike, mapangano amene sanawapange, ndi milandu imene inayamba iye asanamere mano. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti mfumu yotere ilibe ufulu. Pakuti pa dzina limodzi lomwelo wina aweruza molungama anthu namdalitsa, wina adya ziphuphu mudzi nupasuka. Chomwechonso m'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, akapolo sanasankhe kuti uyu alandire asanu, uyu awiri, uyu limodzi. Mbuye wao pobwera sanawafunse chifukwa chake analandira zochepa kapena zambiri, anangowafunsa chimene anachita nazo. Ndipo Yeremiya, atatumidwa kunyumba ya woumba mbiya, anaona dongo lili m'manja mwa wina. Koma uthenga umene anatuluka nao unali woitana anthu kuti abwerere kuleka njira zao zoipa, kusonyeza kuti dongo limeneli, chinkana silidziumba lokha, lili ndi khutu lakumva ndi mtima wakuyankha.

Ndidziwa chimene ena adzanditsutsa nacho, ndipo n'cholemera. Adzati chiphunzitso cha kulandira chimene wapatsidwa ndicho chimene amphamvu a mibadwo yonse anagonetsa nacho osauka, kuuza kapolo kuti ukapolo ndi gawo lake, ndi kuuza mkazi kuti malo ake anaikidwa kale. Ndipo adzati sewero lolola munthu kudziumba limphunzitsa kuti zoikidwa ndi anthu zingasinthidwe ndi anthu. Ndivomera kuti chiphunzitsocho chinagwiritsidwa ntchito moipa chotero, ndipo ndichikana pamodzi nao. Koma kulandira chiyambi chako n'kosiyana ndi kugonjera chimaliziro chimene ena akuikira. Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo suletsa mwana kumangira mai ake nyumba yabwino koposa imene anabadwiramo. Ungomletsa kunama kuti anabadwa kwa wina.

Ndiponso kudziumba kumene tikunyadiraku sikuyambira pachabe monga tiyesa. Plato, kumapeto kwa buku lake la Republic, asimba za msilikali dzina lake Er, amene anafa kunkhondo nauka tsiku la 12 ali pamulu wa nkhuni zotenthera mtembo wake, nafotokoza zimene anaona kutsidya: mizimu ya akufa iikiridwa pamaso pake miyoyo ya mitundumitundu kuti uliwonse usankhe umene udzabadwe nao, ndipo iuzidwa kuti mlandu wa kusankhako uli pa wosankha, Mulungu alibe chifukwa. Woyamba kusankha athamangira moyo wa mfumu yankhanza yoposa zonse, nazindikira pambuyo pake kuti m'moyomo muli kudya ana ake omwe. Koma Odysseus, amene maere anamuika potsiriza, pokumbukira masautso a kufuna ulemu, afunafuna moyo wa munthu wamba wosatchuka, naupeza utatayidwa pambali, nautenga mokondwa. Chimene Plato aonetsa n'chakuti yambiri ya mizimuyo inasankha monga mwa zizolowezi za moyo wao wakale. Momwemonso mnyamata amene akonza ngwazi yake pasikirini abwera nazo zokhumba, mantha ndi manyazi amene sanadzipatse yekha. Wofooka aumba chimphona, wonyozedwa aumba mfumu. Dzanja loumbalo linaumbidwa kale ndi ena.

Koma chimene chinditsimikiza mtima koposa zonse ndi nkhani ya kulapa, ndipo palibe sewero limene linaigwira mozama monga Planescape: Torment la mu 1999. Mwininkhani wake adzuka pamwala m'nyumba yosungiramo mitembo, wopanda dzina, wosakumbuka kanthu, thupi lili zipsera zokhazokha, malangizo atatemedwa ngati mphini pamsana pake. Ndipo pang'onopang'ono wosewera azindikira kuti munthuyu sangafe, kuti wakhala miyoyo yosawerengeka, ina yanzeru, ina yamisala, ina yankhanza yosaneneka, ndi kuti nthawi iliyonse imene iye afa nadzukanso, munthu wina kwinakwake afa m'malo mwake. Akumana ndi mzimu wa mkazi, Deionarra, amene anamkonda ndi mtima wonse, pamene iye m'moyo wina wakale anamnyenga dala namtengera ku imfa kuti apindule naye. Wosewera sanachite chimenecho; sanalipo. Komabe aima pamaso pa mzimuwo atavala nkhope ya wochimwayo, ndipo ayenera kusankha kunamanso kapena kuulula. Sewero lonse lizungulira pa funso lakuti n'chiyani chingasinthe chikhalidwe cha munthu, ndipo potsiriza munthuyo alandiranso imfa yake napita kukalipa mlandu wake. Ngwazi imene mwaiumba nokha m'mawa uno singalape chotero, pakuti ilibe dzulo. Ikalakwa, mungathe kuifafaniza ndi kuumba ina. Kukhululukidwa, kumene ndi chuma chachikulu cha chipembedzo, kufuna munthu amene sangathawe mbiri yake.

Opanga masewera eni ake aoneka kuti anachizindikira chimenechi. Mu Mass Effect, la mu 2007, wosewera asankha nkhope ndi dzina loyamba, koma dzina la Shepard likhala losasinthika kuti anzake athe kumuitana; ndipo Baldur's Gate 3, la kampani ya Larian ya ku Belgium, la mu 2023, pambali pa ngwazi yodziumbira ndi ngwazi zolembedwa kale, lipatsanso wosewera munthu amene nkhope yake aiumba yekha koma mbiri yake ya mwazi aipeza ilipo, nayenera kulimbana nayo kapena kuigonjera.

Chifukwa chake, pa mkangano uwu ine ndiima ndi munthu wopatsidwa. Inu achinyamata amene mukonda kudziumbira ngwazi zanu, umbani ndithu, ndipo musachite nazo manyazi. Koma ndikupemphani kuti kamodzi mutenge munthu amene simukadamsankha, wa nkhope imene siikukondweretsani ndi mlandu umene simunaupalamule, muyende naye kufikira nthano yake itatha, osabwerera m'mbuyo kukakonza pamene mwalakwa.