Kodi Zipembedzo Zikufunanji ku Nyumba ya Malamulo ya Virginia?

Chaka chilichonse, aphungu 140 a chigawo cha Virginia ku America akayamba zokambirana zawo mumzinda wa Richmond, pamakhala tsiku limene m'makhonde a maofesi awo mumadzaza abusa, ansembe, maimamu, aphunzitsi a Chiyuda ndi okhulupirira wamba. Amawasonkhanitsa ndi bungwe la Virginia Interfaith Center for Public Policy, lomwe linayamba mu 1982, ndipo tsikulo amalitcha Day for All People. Sabwera kudzalalikira. Amabwera ndi manambala a mabilu m'manja, kudzapempha phungu wa kwawo kuti avomere bilu iyi ya lendi ya nyumba, akane iyo ya ndende. Ambiri, kuphatikizapo opembedza ena, amafunsa kuti kodi anthu a Mulungu akufunanji kumalo a ndale. Ine ndikuti ali pamalo oyenera, malinga ngati chomwe akupempha ndi moyo wa mnansi wawo, osati mphamvu yolamulira chikumbumtima chake kapena phindu la mpingo wawo.

Ku America zinthu zambiri zokhudza mmphawi sizigamulidwa ku Washington ayi, koma m'zigawo. Chitsanzo ndi Medicaid, thandizo la boma lolipirira chipatala anthu osauka. Lamulo la zaumoyo la 2010 linafuna kuti thandizoli lifikire anthu ochuluka, koma mu 2012 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti chigawo chilichonse chidzisankhire. Virginia inakana kwa zaka zingapo. M'zaka zimenezo, ku Wise, dera la migodi ya malasha, anthu ankagona m'magalimoto kudikira chipatala chaulere cha bungwe la Remote Area Medical chomwe chinkabwera kamodzi pa chaka pa bwalo la chionetsero cha zaulimi, ena n'kumazulidwa mano m'matenti. Mipingo ndi mizikiti inkawadziwa anthu otere chifukwa ndi kumene ankathawira ngongole ya chipatala ikawakulira, ndiponso ndi kumene ankaimbiridwa nyimbo za maliro. Mu 2018 aphungu anavomera, ndipo anthu pafupifupi 400,000 anapeza mwayi wa thandizoli kuyambira Januwale 2019. Sikuti zipembedzo zokha ndi zomwe zinasintha mavoti. Chisankho cha 2017 chinali chitagwedeza aphungu ambiri. Koma munthu amene amaika m'manda odwala omwe akanachira ali ndi umboni womwe phungu ayenera kuumva, ndipo kuubisa umboniwo sikungakhale kudzichepetsa.

Otsutsa oyamba amati boma ndi chipembedzo ziyenera kutalikirana, ndipo Virginia ndi kwawo kwenikweni kwa mfundoyi. Lamulo la ufulu wa chipembedzo lomwe Thomas Jefferson analemba linavomerezedwa kumeneko mu 1786, James Madison akulitsogolera. Koma tikumbukire momwe linadutsira. Patrick Henry ankafuna msonkho wolipirira aphunzitsi a Chikhristu, ndipo ena mwa omwe anaukana mwamphamvu, polemba zikalata zodandaula ku nyumba yomweyi, anali a Baptist ndi a Presbyterian. Ufulu wa chipembedzo womwewo unabadwa mipingo yosiyana itagwirizana n'kukakankha aphungu. Chomwe lamulolo linaletsa ndi kukakamiza munthu kupembedza, kumulipiritsa msonkho wa tchalitchi, kapena kumulanga chifukwa cha chikhulupiriro chake. Silinalande wokhulupirira pakamwa. Muyeso wake ndi uwu: kodi bilu yomwe akuipempha ikadutsa, munthu wosapembedza ataya ufulu wanji? Chiphaso cha Medicaid sichifunsa kuti umapemphera kuti. Apa ndi pamene mgwirizano wa zipembedzo umaposa mpingo umodzi wopita wokha, chifukwa Mkatolika, Msilamu ndi Myuda sangapemphe pamodzi lamulo lokweza chiphunzitso cha mmodzi wa iwo. Kusiyana kwawo ndiko kumawasefa, n'kutsala zokhazo zomwe aliyense angaziyeze ndi nzeru zake. Amalawi akudziwa kanthu za izi, pokumbukira kuti bungwe la Public Affairs Committee, momwe munali mipingo ndi Asilamu, linamveka mu 1992 chifukwa palibe akanati likumenyera guwa limodzi.

Otsutsa ena ali m'kati mwa mipingo momwemo. Iwo amati ntchito ya okhulupirira ndi chifundo: kuphika chakudya, kugoneka osowa pokhala, kuyendera akaidi, malamulo n'kusiyira Kaisara. Chifundo chotere n'chopatulika ndipo sindikuchipeputsa. Koma malemba omwe amachilamula amalamulanso za dongosolo. Buku la Deuteronomo lili ndi lamulo la kamangidwe ka nyumba, loti denga likhale ndi kampanda kuti munthu asagwe, lina loletsa wokongoza kulowa m'nyumba ya mnzake kukatenga chikole, ndi lina loti waganyu alipidwe tsiku lomwelo. Korani imaletsa katapila, ndipo zakaat, chopereka cha osauka, si mphatso ya wamtima wabwino koma udindo wokhala ndi mlingo wake. Tsono taonani Virginia. Kafukufuku wa Eviction Lab wa ku yunivesite ya Princeton, yemwe anatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa mizinda ikuluikulu khumi yomwe anthu ankatulutsidwa kwambiri m'nyumba za lendi, isanu inali ya ku Virginia, Richmond ili pa nambala yachiwiri. Anthu a ku Richmond si aulesi kuposa ena. Lamulo ndi lomwe kwa zaka zambiri linkapatsa wochedwa kulipira masiku asanu okha mwini nyumba asanapite kukhoti. Mpingo wolipirira lendi banja limodzi mwezi uno, koma osanenapo kanthu pa lamulo lomwe litulutse mabanja mazana mwezi wamawa, ukutunga madzi m'bwato lobooka osatseka chiboo. Lamulo la 2020 loika malire a 36 peresenti pa chiwongoladzanja cha ngongole zing'onozing'ono linafikira anthu omwe mbale ya chopereka sikanawafikira.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya chilango cha imfa, chifukwa apa okhulupirira amagawikanadi. Alipo owerenga Genesis 9 ndi Aroma 13 n'kuona kuti boma lili ndi lupanga, malamulo a Chisilamu amalola kubwezera ngakhale amayamikira kukhululuka, ndipo mabanja a ophedwa ali ndi misozi yomwe palibe ayenera kuilumpha. Ngati bungwe la zipembedzo likanati Mulungu wathetsa mtsutsowu, likananama. Chomwe chinatheka n'chakuti anthu osiyana pa funso loti kodi boma lingaphe anagwirizana pa funso lina, loti kodi boma ili lapha mwachilungamo. Mbiri inayankha. Virginia inapha anthu oposa 1,300 kuyambira 1608, kuposa chigawo china chilichonse. Mu 1951 inapha amuna akuda asanu ndi awiri a ku Martinsville pa mlandu wogwiririra, ngakhale m'zaka za m'ma 1900 palibe mzungu yemwe inamupha pa mlandu umenewo. Earl Washington Jr. anatsala masiku asanu ndi anayi kuti aphedwe mu 1985, koma mayeso a DNA anadzaonetsa kuti sanapalamule. Pa 24 Malichi 2021 bwanamkubwa Ralph Northam anasaina lamulo lothetsa chilangochi ku ndende ya Greensville, ndipo Virginia inakhala chigawo choyamba cha kummwera kutero. Palibe anasiya chiphunzitso chake pakhomo kuti afike pamenepa. Mkatolika anabwera ndi katekisimu yomwe Papa Francis anasintha mu 2018, mbusa wa mpingo wa anthu akuda anabwera ndi chikumbutso cha anthu omwe ankapachikidwa m'mitengo popanda mlandu, ndipo anakumana pa voti imodzi.

Chitsutso chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chomaliza: kuti mabungwe otere amasanduka nthambi ya chipani yovala kolala. Umboni wake ulipo. Kuthetsa chilango cha imfa, komanso lamulo la 2020 lopatsa anthu olowa m'dziko opanda mapepala khadi loyendetsera galimoto, zinadutsa chipani cha Democratic chili ndi nyumba zonse ziwiri, a Republican ambiri akukana. Khadilo lili ndi zifukwa zomveka kwa aliyense: amalipeza amene waonetsa kuti analemba za msonkho ku Virginia, ndipo msewu umakhala bwino woyendetsa aliyense akayesedwa. Lamulo la Levitiko lokonda mlendo silinalembedwere chipani chimodzi. Komabe ngati okhulupirira a mbali inayo aona kuti dzina la Mulungu likungotsatira mndandanda wa chipani, amatseka makutu, ndipo lamulo lopambanidwa motero limadikira chisankho chotsatira kuti ligwe. N'chifukwa chake Medicaid ya 2018 ndimaiwerengera koposa: inadutsa a Republican akulamulira nyumba zonse ziwiri, aphungu ngati Terry Kilgore wa kudera la migodi lija atasintha maganizo. Chimodzimodzi mu 2023, pansi pa bwanamkubwa wa Republican Glenn Youngkin, kunadutsa lamulo loti mkaidi wotsekeredwa payekha azituluka m'chitolokosi maola anayi pa tsiku. Malire a masiku 15 otsekera mkaidi payekha omwe omenyera nkhaniyi ankafuna anachotsedwamo, ndipo chaka chotsatira anabwereranso ku Richmond kukawapemphanso.