Kodi Luso Lingachize Dyera la Munthu?

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chipangizo chikamagwira ntchito yaikulu ndi mphamvu yochepa, chuma cha dziko chimasungika. Ganizoli limamveka lanzeru, koma mbiri ya makompyuta akuluakulu imasonyeza kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina.

M'chaka cha 1946, ku University of Pennsylvania m'dziko la America, anaonetsa kompyuta yotchedwa ENIAC. Makinawa ankadzaza chipinda chathunthu, ankadya magetsi okwana makilowati 150, ndipo ankachita masamu ophatikiza 5,000 pa sekondi imodzi. Kuyambira pamenepo akatswiri sanagone tulo. Jonathan Koomey ndi anzake atafufuza, anapeza kuti kwa zaka zoposa 60, masamu amene kompyuta inkachita ndi muyeso umodzi wa magetsi ankawirikiza kawiri pakatha pafupifupi chaka ndi theka.

Tsono wina angaganize kuti makompyuta amakono amangolawa magetsi. Zoona zake si zimenezo. Kompyuta ya Frontier, ya ku Oak Ridge m'dziko lomwelo, mu 2022 inafika pochita masamu okwana 1 wotsatidwa ndi maziro 18 pa sekondi, koma inkafuna mamegawati oposa 20. Samu imodzi inatsika mtengo modabwitsa, komabe makina onsewo ankameza magetsi a ma ENIAC oposa 100.

Zimenezi si zachilendo. Mu 1865, katswiri wa zachuma wa ku Britain, William Stanley Jevons, anaona kuti injini zitayamba kusamala malasha, dzikolo linkawotcha malasha ambiri kuposa kale. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chikatsika mtengo, ochifuna amachuluka, ndipo zochita nacho zimawonjezeka.

Komabe kungakhale kulakwa kuweruza makinawa ngati chilombo. Makompyuta otere ndi amene amalosera njira ya namondwe kuti anthu athawe nthawi isanathe, ndiponso amathandiza asayansi kufufuza mankhwala. Magetsi ogulira moyo wa munthu sanatayike. Vuto limabuka pamene mayiko akupikisana pongofuna kutchuka kuti ali ndi makina othamanga koposa, chikhalirecho mabanja miyandamiyanda padziko lapansi akugonabe mumdima. Utsi wa malasha opangira magetsiwo susankha, umavutitsa ngakhale amene sanapindule nawo.

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Luso limaphunzitsa munthu kuchita zambiri ndi zochepa, koma silimuuza pamene ayenera kulekezera. Mlimi amene wapeza mbewu yobereka kwambiri angathe kusunga nkhalango yake, kapena kuigwetsa kuti akuze munda, mbewuyo simusankhira. Chimodzimodzinso, katswiri wochepetsa magetsi a kompyuta wagwira gawo lake, koma udindo wonena kuti "apa pakwana" umatsalabe m'manja mwa munthu ndi chikumbumtima chake.